Malisiti a fizi omwe sankafika: lipoti la ntchito ya maimelo pa koleji ina ku Blantyre

Anandiimbira foni ndi mayi amene amayang'anira za ndalama pa koleji ina yomwe si yaboma kuno ku Blantyre. Dzina la kolejiyo sinditchula. Mawu awo anali achidule: "Achimwene, makina anuwa akunama. Akulemba kuti lisiti latumizidwa, koma makolo akubwera kudzatilalatira pano kuti sanalandire kanthu." Pulogalamuyo sindinailembe ndine. Ndinangosiyiridwa kuti ndiziisamalira mnzanga amene anailemba atapita ku Johannesburg, koma kwa mayiwo makinawo anali anga basi.

Ntchito ya pulogalamuyo ndi yosavuta kuimva. Wophunzira akalipira fizi ku banki, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kalaliki amalowetsa ndalamazo mu kompyuta, pulogalamu n'kupanga lisiti n'kulitumiza pa imelo kwa wophunzirayo komanso kwa amene amamulipirira. Imatumizanso ulalo wosinthira pasiwedi kwa amene waiwala, ndi uthenga wodziwitsa kuti zotsatira za mayeso zatuluka. Makalata a mtundu umenewu anzathu a ntchitoyi amawatcha transactional email: kalata yopita kwa munthu mmodzi chifukwa cha chinthu chimene iye mwini wachita, ndipo ali tcheru kuiyembekezera. Kalata yotsatsa malonda ikasochera palibe amene amadandaula. Koma lisiti la fizi likasochera, malume amene ali ku Cape Town amayamba kukayikira m'bale wawo kuti ndalama wadya, ndipo bungwe lolipirira ophunzira limakana kutulutsa ndalama za teremu yotsatira.

Izi zinkachitika masabata ochepa chabe kuchokera pamene malamulo atsopano a Google ndi Yahoo okhudza otumiza maimelo anayamba kugwira ntchito mu February 2024, ndiye ndinanyamuka ku Ginnery Corner ndili kale ndi chikayiko.

Zimene ndinapeza

Pulogalamuyo inalembedwa pogwiritsa ntchito Laravel, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, ndipo inkakhala pa seva yobwereka imene makasitomala ambirimbiri amagawana, yoyendetsedwa kudzera pa tsamba lotchedwa cPanel. Kalata ikapangidwa inkaperekedwa kwa Exim, pulogalamu yotumiza makalata ya pa seva yomweyo. Exim akangolandira, pulogalamu yathu inkalemba kuti "zatumizidwa". Bodza limene mayi aja ankanena linali pamenepa. Kuponya kalata m'bokosi la ku positi ya ku Limbe sikutanthauza kuti yafika m'manja mwa mwini wake ku Mzimba, koma pulogalamuyo inkawerenga ziwirizi ngati chinthu chimodzi.

Nditatsegula Track Delivery mu cPanel, polondolera makalata otuluka, ndinaona mizere yofiira yokhayokha. Makalata ambiri opita ku Gmail ankakanidwa ndi nambala 550 5.7.26, yomwe tanthauzo lake n'lakuti wotumizayu sanatsimikizike kuti ndi iyedi. Kalata iliyonse yokanidwa inkabwerera ku adiresi ya noreply ya kolejiyo. Ogwira ntchito pa koleji anali atasamukira ku Google Workspace (maimelo a mu ofesi oyendetsedwa ndi Google) kalekale, koma seva inali idakadziona ngati ndiyo mwini makalata a domain ya kolejiyo (dzina limene limabwera pambuyo pa @ mu adiresi), choncho zobwerera zonse inkazithira m'kabokosi kake ka noreply kamene palibe anali atakatsegulapo. Mnyamata wa IT, amene anali asanathe chaka pa ntchito, sankadziwa n'komwe kuti kabokosiko kaliko. Titakatsegula anangogwira pakamwa. Yankho la funso limene makolo ankafunsa tsiku ndi tsiku linali litaunjikana m'menemo.

Gwero lake linali mu DNS, kaundula wa pa intaneti mmene mwini domain amalembamo za maseva ake. Ndifotokoze pang'ono, popeza apa m'pamene ambiri a ife timangokopera mizere osaimvetsa. SMTP, njira yotumizira maimelo imene Jon Postel anailemba mu 1982, inapangidwa nthawi imene anthu a pa netiweki ankadziwana. Aliyense akhoza kulemba dzina lililonse pa malo a wotumiza. Zotchingira zinabwera pambuyo. SPF ndi mndandanda umene mwini domain amaika poyera wotchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lake. DKIM ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: seva yotumiza imasaina kalatayo ndi kiyi wachinsinsi, wolandira n'kuyerekeza ndi kiyi wina amene ali mu DNS. DMARC ndi lamulo la mwini domain louza olandira chochita ndi kalata imene yalephera ziwirizi, komanso kumene angatumize malipoti. Kuyambira February 2024 Google imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo amene amatumiza makalata oposa 5,000 patsiku ku Gmail akhale ndi zonse zitatu.

Koleji yathu inali ndi mizere iwiri ya SPF. Woyamba unali wakale, wotchula seva ya cPanel. Wachiwiri anawonjezera munthu amene anawasamutsira ku Google Workspace. Iye ankaganiza kuti akuchita bwino, koma lamulo la SPF limalola mzere umodzi wokha pa domain. Ikakhala iwiri wolandira sasankha umodzi, amaitaya yonse. DKIM pa sevayo inali yosayatsa. Makalata a aphunzitsi ndi a mu ofesi ankayenda bwinobwino chifukwa Google inkawasainira yokha, n'chifukwa chake akuluakulu a koleji sankakhulupirira kuti imelo ili ndi vuto. Iwo akatumizirana zinkafika. Zokanidwa zinali za makina zokha.

Tsiku lomwelo ndinaphatikiza mizere iwiri ija kukhala umodzi n'kuyatsa DKIM. Malisiti anayamba kulowa, koma ambiri ankagwera mu spam. Nditafufuza IP ya sevayo, nambala imene imadziwika nayo pa intaneti, ndinapeza kuti ili pa mndandanda wa Spamhaus, bungwe lolemba maseva otumiza spam. Koleji sinalakwe kanthu pamenepo. Webusayiti ina ya WordPress pa seva yomweyo inali itathyoledwa ndipo inkalavula zinyalala usiku wonse. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Kuwonjezera apo sevayo inali ndi malire a makalata otuluka pa ola, moti tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso makalata ankaima pamzere. Ulalo wosinthira pasiwedi mu Laravel umatha mphamvu pakapita mphindi 60 ngati wokonza pulogalamu sanasinthe nthawiyo, ndiye wophunzira ankalandira ulalo wakufa kale, n'kupemphanso wina, mzere n'kumatalikirabe.

Mnyamata wa IT anati bwanji tingotsegula akaunti ya Gmail n'kumatumizira pamenepo, poti anzake ambiri amatero. Ndinamukaniza. Akaunti wamba ya Gmail imalekezera pa makalata 500 patsiku, ndipo kuyambira pa 30 May 2022 Google inasiya kulola mapulogalamu kulowa ndi pasiwedi wamba pa maakaunti otere. Njira yozembera ilipo, koma chachikulu n'chakuti ukatero ubwereranso pomwe tinali: kalata yapita, zimene zaichitikira sudziwa.

Kusankha kampani yotumizira

Makampani ogwira ntchito imeneyi alipo angapo, ndipo onse amachita zofanana pa mfundo yaikulu. Pulogalamu yako imawapatsa kalata kudzera pa API (khomo limene mapulogalamu amalankhulirana) kapena pa SMTP, iwo amaisaina m'dzina la domain yako, amaitumiza kuchokera ku maseva amene mbiri yake amaisamala, kenako amakubwezera mawu kuti yalandiridwa, yakanidwa, kapena wolandira waiponya ku spam. Gawo lomalizali ndi limene ine ndinkalifuna kuposa zonse.

SendGrid ndi imodzi mwa akale, inayamba mu 2009 ndipo Twilio inaigula mu 2019. Mailgun pano ili m'manja mwa Sinch. Postmark, imene ActiveCampaign inagula mu 2022, ndimaikonda chifukwa imalekanitsa makalata a mtundu wa malisiti ndi makalata olengeza kwa gulu, ndipo imasunga mbiri ya kalata iliyonse masiku 45 pamalo poti ngakhale kalaliki akhoza kuyang'ana yekha. Brevo, imene kale inkatchedwa Sendinblue, imalola makalata 300 patsiku ulere. Amazon SES inayamba mu 2011 ndipo mtengo wake ndi masenti 10 a dola pa makalata 1,000.

Kwa munthu wa ku London kusankha kumeneku n'kwa kukoma kwa API. Kuno funso loyamba n'lakuti tilipira bwanji. Kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, madola ankasowa, ndipo kulipira pa intaneti ndi khadi kunali kwa mwayi. Abwana a koleji atamva zoti kuli yaulere anati titenge yomweyo. Ndinawafotokozera kuti masiku ambiri makalata 300 akwana, koma masiku amene timawafunitsitsa, olembetsa ndi otulutsa zotsatira, sangakwane. Ndinawakumbutsanso za Mandrill, njira yotumizira makalata otere ya kampani ya Mailchimp. Anthu ambiri anamanga mapulogalamu awo pa iyo, ndiye mu 2016 Mailchimp inalamula kuti aliyense woigwiritsa ntchito akhale ndi akaunti yolipira ya Mailchimp, anthu n'kuyamba kusamuka mothamanga. Chaulere mwini wake amachisintha tsiku limene wafuna.

Tinasankha SES chifukwa cha mtengo basi. Makalata 10,000 ndi dola imodzi, ndipo koleji siifika pamenepo miyezi yambiri. Ngongole yaing'ono chonchi ngakhale khadi la munthu likhoza kuisenza. Koma ndinene mosabisa kuti kutchipa kwa SES umakulipira ndi thukuta lako. Zimene Postmark imakupatsa zophikaphika, pa SES umazimanga wekha. Koleji ikanakhala yopanda munthu woisamalira pulogalamu mwezi ndi mwezi, ndikanawauza kuti alimbe mtima alipire yodulayo. Pofuna kuti tisamangidwe pa kampani imodzi, ndinaonetsetsa kuti makalata onse akudutsa pa khomo limodzi la Laravel, kuti tsiku losamuka tidzangosintha mizere yochepa.

Mmene tinakhazikitsira, ndi pamene ndinapunthwa

Choyamba ndinapatula subdomain, nthambi ya domain ya koleji, ya makalata a makina okha, kuti mbiri yake isasakanikirane ndi ya makalata a ogwira ntchito. SES imakupatsa mizere itatu ya CNAME ya DKIM yoti uike mu DNS. Ndinaiika, ndinadikira, tsiku linatha osatsimikizika. Ndinayamba kunena kuti DNS ikuchedwa, monga timanenera tonse tikasowa chonena. Kulakwa kunali kwanga. Tsamba lolembera DNS linkawonjezera lokha dzina la domain kumapeto, ine n'kulembanso dzinalo, ndiye linatuluka kawiri. Kufunsa DNS kamodzi kokha ndi kapulogalamu kotchedwa dig kukanandionetsa zimenezi m'mphindi imodzi ndikanakhala kuti ndinayang'ana m'malo modikira.

Ndinaikanso MAIL FROM yathuyathu, yokhala ndi MX (mzere wa mu DNS wotchula seva yolandira makalata) ndi SPF yake, kuti adiresi yobwererako makalata igwirizane ndi domain ya koleji. DMARC ndinayamba ndi p=none, kutanthauza kuti olandira asakane kanthu koma azingotitumizira malipoti. Osathamangira p=reject, imene imauza olandira kuti akane kalata iliyonse yolephera. Malipoti a masabata oyamba anatiululira makina ena awiri amene ankatumiza m'dzina la koleji ife osadziwa: makina ojambulira mapepala a mu ofesi ya mayeso, amene amatumiza zojambulazo pa imelo, ndi fomu yofunsira malo ya pa webusayiti. Tikanatseka chitseko tsiku loyamba, mafomu a ofuna malo akanasowa, ndipo mlandu ukanagwera ine.

Kupunthwa kwachiwiri n'kochititsa manyazi. Akaunti yatsopano ya SES imayamba ili mu sandbox, malo oyeserera: makalata 200 pa maola 24, imodzi pa sekondi, ndipo opita ku maadiresi okhawo amene watsimikiza. Poyesa ndinkatumiza ku maadiresi anga otsimikiza kale, zonse n'kumayenda. Lolemba m'mawa kalaliki analowetsa malipiro oyamba, kalata n'kukanidwa pomwepo. Ndinabwezera makalata ku seva yakale, n'kulemba pempho lotuluka mu sandbox. Pempholi musamalilembe mwaulesi. Amafuna kudziwa kuti maadiresi mumawapeza bwanji, mumatumiza chiyani, ndipo makalata obwerera mumawatani. Ndinalemba zonse mwatsatanetsatane ndi chitsanzo cha lisiti, ndipo anatitsegulira.

Kenako ndinachotsa kutumiza kalata pa batani la kalaliki. Kale akadina, tsamba linkaima kudikira kuti kalata ituluke. Intaneti ikagwedezeka kapena magetsi akathima jenereta isanalire, ankadinanso, kholo n'kulandira malisiti awiri a ndalama imodzi, kapena osalandira konse. Pano batani limangosunga malipiro n'kuika kalata pa queue (pamzere), ndipo cron, wotchi ya seva yoyambitsa ntchito pa nthawi yake, imadzutsa wotumiza mphindi iliyonse. Lisiti lililonse lili ndi nambala yake, moti ngakhale adine kasanu kalata imatuluka imodzi.

Gawo limene ndimaliona kuti ndilo ntchito yeniyeni ndi lobweza mawu. SES imatumiza zochitika zonse ku SNS, njira ya Amazon yopereka mauthenga ku mapulogalamu, ndipo SNS imagogoda pa adiresi ina ya pulogalamu yathu. Pamenepo ndinasintha mawu amene kalaliki amaona. Liwu lija lakuti "zatumizidwa" ndinalichotseratu. M'malo mwake pali "ili pamzere", "yalandiridwa ndi seva ya wolandira", "yakanidwa: adiresi kulibe", "yakanidwa: bokosi ladzaza", ndi "wolandira wati ndi spam". Mzere wokanidwa umafiira ndipo pambali pake pamaoneka nambala ya foni ya wophunzirayo. Mayi a za ndalama ataona koyamba anati, "Ndiye mukutanthauza kuti nthawi yonseyi makinawa ankadziwa, koma osatiuza?" Ndinawayankha kuti eya mayi, ankadziwa, kungoti palibe anawafunsa.

Zimene mizere yofiira inationetsa

Ndinkayembekezera kuti tikakonza DNS nkhani yatha. Sabata yoyamba mizere yofiira inachuluka ndithu, ndipo ulendo uno vuto silinali la makina. Maadiresi ankachokera pa mafomu olemba pamanja. Wophunzira amalemba mothamanga ali pamzere, kalaliki n'kukopera zimene akuona. Tinapeza gmial.com, gmail.con, yahoo.cm, maadiresi okhala ndi mpata pakati, ndi ena oyamba ndi www. Ena anali a anthu amene anasiya ntchito ku kampani imene inawapatsa adiresiyo. Izi si zongoseka, chifukwa SES imayang'ana kuchuluka kwa makalata obwerera. Akafika 5 pa 100 alionse akaunti imaikidwa pa kafukufuku, akafika 10 akhoza kukuimitsa. Pa madandaulo a spam malire ndi othina kwambiri: kalata imodzi pa 1,000 yakwana kuti ayambe kukuyang'anitsitsa. Tikanangothira mndandanda wonse wakale tsiku limodzi, akaunti ikanatsekedwa isanathe sabata.

Choncho tinayenda pang'onopang'ono. Fomu ya pa kompyuta pano imafunsa kuti "kodi mumatanthauza gmail.com?" ikaona zolakwika zodziwika. Wophunzira watsopano amalandira kalata yotsimikizira adiresi asanachoke pa windo, ndipo amaonetsa kalaliki pa foni yake kuti yafika. Adiresi imene yakanidwa kuti kulibe sitiitumiziranso mpaka munthu aikonze. Mzere wa pa windo unatalikako masiku olembetsa, ndipo akalaliki sanasangalale nane, koma madandaulo a makolo anachepa mooneka.

Mkangano waukulu unabuka ndi a ofesi yotsatsa maphunziro. Atamva kuti maimelo ayamba kufika, anabwera ndi mndandanda wa aliyense amene anafunsirapo malo zaka zapitazo, ndi maadiresi ena otoledwa pa zionetsero, kuti tiwatumizire uthenga wa maphunziro a kumapeto kwa sabata. Ndinakana, ndipo nkhani inakafika kwa abwana. Ndinawauza kuti, "Bwana, anthu amenewa sanapemphe kalata. Ochepa chabe akadina kuti spam, amene avutike ndi mwana amene akudikira ulalo wa pasiwedi usiku woti mawa alembetse mayeso." Tinagwirizana kuti zotsatsa zizidutsa pa subdomain ina ndi akaunti ina ya Brevo, kwa okhawo amene anavomera, ndipo kalata iliyonse ikhale ndi polembera kuti sindikufunanso. Mpaka lero amandiona ngati wowatsekera msika.

Zina zing'onozing'ono ndingozitchula. Lisiti la PDF linali lolemera chifukwa cha chizindikiro cha koleji chimene wina anachijambula pa sikana, ndipo munthu wa bandulo yochepa sankalitsegula. Tinalipeputsa, n'kulemba ndalama, tsiku ndi nambala ya lisiti m'kalata mwenimwenimo. Gmail imadula kalata yoposa 102 KB, ndiye tinachotsa zokongoletsa zambiri. Adiresi ya noreply tinaitaya, pano kholo likayankha kalata imapita ku ofesi ya za ndalama. Magiredi a mayeso sitiwaika mu imelo, timangoti zatuluka, lowani muone. Makalatawa amadutsa pa maseva a kunja kwa dziko, ndipo adiresi yolakwika ndi chilembo chimodzi ikhoza kukhala ya munthu wina weniweni. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, linangotsimikizira zimene tinali titasankha kale.

Pamene zinthu zili pano

DMARC tinaikweza kufika pa p=quarantine, imene imauza olandira kuti kalata yolephera aiponye ku spam, malipoti atakhala oyera kwa nthawi. Khadi lolipirira linakanidwapo kamodzi, ndipo chenjezo lake linapita ku adiresi yanga yokha ndili ku maliro kumudzi. Pano machenjezo otere amapita kwa anthu atatu, ndipo akaunti ya kampani yachiwiri ili yokonzeka ndi DKIM yake kuti zikavuta tisinthe tsiku lomwelo.

Chimene sindinathe kukonza ndi ichi. Mawu akuti "yalandiridwa" amangotanthauza kuti seva ya Gmail yavomera kalatayo. Ophunzira athu ambiri adiresi ya Gmail anaipeza tsiku logula foni ya Android, ndipo nthawi zina anawatsegulira ndi wogulitsa foniyo mu Limbe. Pasiwedi saidziwa, pulogalamu ya Gmail sanaitsegulepo, moyo wawo wonse uli pa WhatsApp. Kwa anthu amenewa mzere umaoneka wobiriwira koma lisiti sanalione. Mabungwe olipirira ophunzira ndi achibale a kunja amawerenga imelo, ndipo kwa iwo vuto linatha. Kwa enawo ndinapempha kuti tiwonjezere SMS yaifupi yonena kuti talandira ndalama zakuti, lisiti nambala yakuti lili ku imelo yanu. SMS imalipiridwa uthenga uliwonse, ndipo mtengo wake ukaufanizira ndi masenti 10 pa makalata 1,000 abwana amakwinya nkhope. Anavomera za malisiti okha, za pasiwedi anati tidikire bajeti ya chaka chamawa. Moti masiku otulutsa zotsatira mnyamata wa IT amakhalabe ndi kamzere kake pakhomo, ka ophunzira ogwira mafoni m'manja, akumupempha kuti awafufuzire kaye pasiwedi ya Gmail asanafike pa ya koleji.